Choko Chachikasu pa Laputopu ya Atate

Aliyense wolowa m'nyumba ya atate ku Nkomeshya akaona laputopu yawo amayamba waseka. Makinawo ndi okalamba, batire lake linafa kalekale, ndipo ukawayatsa pamatuluka chinthu chimodzi chokha: bokosi lakuda bii, mayina a nyimbo a zilembo zachikasu, ndi mzere umodzi wofiira. Mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira zamakompyuta ku Lusaka, anandifunsa pa Khirisimasi kuti, "Amalume, ndani anapanga chinthu chonyansa chonchi?" Ndinamuuza kuti ndine. Chimene sindinamuuze n'chakuti ndinapanga ziwiri, ndipo chimene ndimachita nacho manyazi ndi choyamba chija, chokongolacho.

Atate ndi mphunzitsi wopuma pantchito. Kwathu kwenikweni ndi ku Katete, koma iwo ataphunzira uphunzitsi ku Chalimbana anakhazikika kuno ku Chongwe, naphunzitsa m'masukulu a pulayimale zaka zoposa 30. Atapuma anakapempha malo kwa nyakwawa, m'dziko la Asoli la Amfumu Aakulu Nkomeshya Mukamambo II, ndipo mpaka lero anthu a pamudzi amawatchula kuti Aphunzitsi. Samwa mowa, mpira amaonera mwa apo ndi apo. Chawo ndi nyimbo. Amasimba kuti ali kamnyamata ku Katete ankayenda mtunda wautali kukakhala pakhonde la sitolo ina pamene panali wailesi yozungulira ngati poto, ya buluu, imene inkatchedwa Saucepan Special. Mawailesi amenewa anayamba kugulitsidwa mu 1949, ndipo m'menemo ndimo atate anamvera koyamba mawu a Alick Nkhata akuimba kuchokera ku Lusaka. Atakula anasonkhanitsa makaseti odzaza mabokosi atatu a nsapato: Nkhata yemweyo, Emmanuel Mulemena, Nashil Pichen Kazembe, Paul Ngozi, P.K. Chishala, Amayenge ndi makwaya ambirimbiri. Kaseti iliyonse anailemba nambala ndi cholembera chofiira chomwe ankachongera nacho makope.

Pofika 2012 wailesi yawo ya makaseti inali itayamba kutafuna matepi. Nthawiyo ine ndinkagwira ntchito mu kashopu kotayipa makalata ndi kuchita fotokope ku Lusaka. Ndinagula laputopu yakale ya Windows XP kwa kasitomala wina, ndinabwereka wailesi yabwino, ndipo kwa miyezi iwiri, madzulo alionse, ndinkalumikiza chingwe n'kujambula makasetiwo imodziimodzi. Zinatuluka nyimbo pafupifupi 300. Pulogalamu yoziimbira ndinaipeza ili kale m'makinamo. Inali Winamp.

Achinyamata a lero ambiri sakuidziwa. Winamp inatuluka mu 1997, yopangidwa ndi kakampani ka ku America kotchedwa Nullsoft ka Justin Frankel, ndipo kwa zaka zingapo ndiyo imene anthu ankamvera nayo nyimbo za MP3 padziko lonse. Pofika 2012 anzanga onse anali atasamukira ku VLC, ija ya chizindikiro chonga timakoni ta olenji timene amaika pa Great East Road akamakonza msewu. Chimene chinandikoka ine ku Winamp ndi chimene eni ake amati skin, ine ndimati chovala. Pulogalamuyo imatha kuvula maonekedwe ake n'kuvala ena, pamene ntchito yake ikhala yomweyo. Chovalacho ndi fayilo imodzi yothera ndi zilembo wsz. Ukasintha zilembozo kukhala zip imatseguka ngati thumba, ndipo mkatimo umapeza tizithunzi wamba tomwe ungathe kutipaka utoto ndi Paint, ndi timafayilo ta mawu tomwe ungathe kutisintha ndi Notepad. Maziko a nkhope ya pulogalamuyo ndi kachithunzi kamodzi, main.bmp, ka timadontho 275 m'litali ndi 116 m'lifupi. Sipafunika sukulu. Pafunika nthawi ndi kuleza mtima, ndipo ine nthawi ndinali nayo yambiri.

Chinali chaka cha Chipolopolo. Pa 12 Febuluwale anyamata anali atagonjetsa Côte d'Ivoire pa mapenate, 8 kwa 7, ku Libreville, pafupi ndi nyanja imene inameza timu yathu mu 1993. Dziko lonse linali lobiriwira ndi la olenji, ndipo ine ndinati mphatso ya atate ivale zomwezo. Kumbuyo kwa mabatani ndinaikako nkhope ya Kennedy Mweene. Pakona ndinajambulapo nkhwazi, kadontho ndi kadontho. Mayina a nyimbo ndinawapatsa mtundu wa olenji pamwamba pa zobiriwira. Timizere tija timene timavina nyimbo ikamalira tili ndi kafayilo kake, viscolor.txt, ka mizere 24, mzere uliwonse manambala atatu osonyeza kuchuluka kwa kufiira, kubiriwira ndi buluu, kuyambira 0 mpaka 255. Ndinatha masiku awiri pa kafayilo kameneka kuti timizereto tizikwera ndi mitundu ya mbendera. Anzanga a kuntchito anachiyamikira, wina mpaka anachikopera pa flashi yake.

Ndinakwera minibasi ya ku Chongwe nditakumbatira laputopu pachifuwa. Atate anailandira ndi manja awiri. Ndinawasonyeza podina, ndinawaimbira nyimbo zitatu, iwo akugwedeza mutu. "Wachita bwino, mwana wanga," anatero. Ndinabwerera ku Lusaka ndikudziona ngati mwana wopambana ana onse.

Patapita miyezi itatu amai anandiimbira foni. Anayamba ndi za nkhuku ndi za mtengo wa fetereza, kenako anati, "Chinthu chako chija atate ako anachifunditsa chitenje." Poyamba, anatero, ankaitana kamnyamata ka pafupi kuti kadzawayatsire nyimbo. Tsiku lina kanawaikira zimene kamafuna iko, kakuseka kuti agogo sadziwa kompyuta, ndipo kuyambira pamenepo sanakaitanenso. Madzulo ankangokhala pampando duu. Ine ndinakhumudwa. Mumtima ndinati okalamba ndi otero, uwapatse chatsopano, iwo afuna chakale chomwe chinawonongeka.

Ndinapitako mu Okutobala, sabata ya Chakwela Makumbi, pamene Asoli amasonkhana kuti amfumu apemphe mvula ndi kubzala mbewu zoyamba. Pamudzi panali zii, anthu onse atapita ku mwambo. Kunja kunkatentha moti ngakhale nkhuku zinabisala pansi pa nkhokwe. Ndinavundukula laputopu, ndinaiyatsa, n'kunena kuti, "Atate, sankhani nyimbo imodzi, ndione pamene pakukuvutani." Anasendera pafupi. Anasenderanso mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza sikirini. Anayendetsa chala pagalasi ngati munthu wofufuza singano mu mchenga. Kenako anabwerera m'mbuyo nati, "Ine ndikuona phala chabe. Phala la mitundu."

Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti atate ali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Amai ankadziwa, koma anauzidwa kuti asanene. Munthu amene anachonga makope a ana a anthu zaka 30 sankathanso kuwerenga nambala zimene analemba yekha pa makaseti ake. Za chipatala sankafuna n'kumva komwe. Ankati diso si chala choti munthu n'kulowetsapo mpeni.

Ndinayamba kupepesa, koma anandidula. Anandiuza kuti ndiike laputopu patebulo ndipo ndikaime pakhomo. "Werenga dzina la nyimbo yachitatu." Kuchokera pakhomopo, ine wa maso abwino, ndinalephera. Olenji ndi zobiriwira zinasakanikirana, nkhope ya Mweene inangokhala banga.

"Ku Chalimbana anatiphunzitsa kuti ukalemba pa bolodi uzipita kumbuyo kwa kalasi ukaone," anatero. "Mphunzitsi salembera mwana wa kutsogolo. Choko cha buluu ndi chofiira n'chokongola pojambula mapu, koma wa pa benchi lomaliza sachiona. Choyera ndi chachikasu basi. Ndipo bolodi lizikhala lakuda ndithu." Anandikumbutsa mmene ankatitumira kukatola mabatire akutha kuti aphwanye, atenge makala a mkati adetsere bolodi teremu isanayambe. "Tsopano wa pa benchi lomaliza ndine."

Tinagwira ntchitoyo masana onsewo, iwo pampando wawo, ine pa kampando ka ana, ngati kwa dokotala wa maso. Mitundu ya mndandanda wa nyimbo imakhala mu kafayilo kotchedwa pledit.txt, ndipo ndi mizere yowerengeka chabe: mtundu wa zilembo, mtundu wa nyimbo imene ikulira, mtundu wa kumbuyo, ndi mtundu wa mzere umene wasankha. Kumbuyo ndinalemba #000000, kumene ndi kuda kotheratu. Zilembo tinayamba ndi zobiriwira, monga Winamp imabadwira. Anati zikumira. Ndinayesa zoyera, #FFFFFF. Anatsinzina nati zikuwathobwa m'maso ngati malaiti a motoka usiku, chilembo chilichonse chili ndi utsi mozungulira. Ndinalemba #FFFF00, chikasu. Anakhala chete pang'ono, kenako anawerenga pang'onopang'ono dzina la Mulemena.

Mzere wosankhira unatipatsa vuto lina. Ndinabwezera wa buluu wakuda umene umabwera ndi pulogalamuyo, koma iwo anati palibe mzere uliwonse. Ndinayendetsa m'mwamba ndi m'munsi, sanaone kanthu kakusuntha. Pambuyo pake ndinamva kwa a chipatala kuti ng'ala imachititsa kagalasi ka m'diso kukhala kachikasu, ndipo buluu ndiwo mtundu umene umayamba kuzimirira. Tsikulo sindinkadziwa zimenezo, ndinangoyesa mitundu mpaka tinagwirizana pa kufiira kwa njerwa yootcha. Kenako ndinakulitsa zilembo mpaka anati basi.

Ndinafuna kulemba mayina onse a nyimbo m'zilembo zikuluzikulu zokhazokha, poganiza kuti zioneka bwino. Anakana. Anati mawu ali ndi thupi, ena ali ndi mitu yotuluka pamwamba, ena miyendo yolendewera, ndipo munthu wosaona bwino amazindikira liwu ndi thupi lakelo asanaone zilembo. Zikakhala zazikulu zonse, mawu onse amasanduka njerwa zofanana. Anandiuzanso kuti ndifupikitse mayina ndi kuika patsogolo nambala ya kaseti, zomwe zija za cholembera chofiira, chifukwa zinali m'mutu mwawo.

Chinatsala ndi chimene ndinkachizengereza. Timizere tovina tija, anati, tikuwasokoneza ngati ntchentche pa mbale. Ndinatsegula viscolor.txt n'kulemba 0,0,0 pa mizere yonse 24. Masiku awiri a ntchito anatha m'mphindi ziwiri. Ndinatsegula main.bmp mu Paint, ndinasankha utoto wakuda, ndipo Mweene ndi nkhwazi yanga anapita. Ndinasiya mabatani asanu okha, achikasu, ndi manambala a nthawi. Ndinadina Ctrl ndi D kuti nkhope yonse ikule kawiri. Kunena zoona zinandiwawa, ndipo atate anamva mmene ndinapumira. "Usachitaye chakocho," anatero. "Chisunge penapake."

Za mausi tinaziiwala, chifukwa kamuvi kake sankakaona. Mwayi wake, amene anapanga Winamp anaika ntchito zonse zazikulu pa mabatani asanu oyandikana a mzere wapansi wa kiyibodi: Z kubwerera, X kuimba, C kupumitsa, V kuimitsa, B kupita patsogolo. Amai atabwera ku mwambo anatenga Cutex wa mlongo wanga n'kudonthezera pa X ndi pa B, kudikira aume, kudonthezanso, mpaka panatuluka timatuza tomveka ndi chala. Ine ndinakonza zoti makinawo akangoyaka, Winamp izitseguka yokha.

Dzuwa litapendeka, atate anatsitsa mzere wofiira uja okha, akuwerenga manambala motsitsa mawu, naima pa kaseti 7. Analira Alick Nkhata. Nyimbo isanafike pakati anaiimitsa. Anaiyambitsanso. Anadumphira ina, nabwerera. Amai ali kukhitchini anakuwa kuti, "Kodi muisiya ithe imodzi?" Iwo anayankha kuti wailesi ndi yawo.

Nkhani ikanathera pamenepo ikanakoma, koma ng'ala siimva za mitundu. Ulendo uliwonse ndikapita, atate ankati, "Takweza pang'ono zilembo zija." Zilembo zikakula, mayina okwana pa sikirini amachepa. Tsiku loyamba lija ankakwana 14. Pa Isitala wa 2013 anali 11. Mu Ogasiti anali 8. Ine sindinkanena kanthu, ndinkangokweza. Sindinadziwe kuti iwo akuwerenga, monga ankaitanira mayina m'kalasi m'mawa uliwonse. Pa Khirisimasi ya chaka chimenecho, patangopita mwezi kuchokera pamene kampani ya AOL, imene inagula Nullsoft mu 1999, inalengeza kuti ikutseka Winamp, ine ndinafika ndi nkhawa ya pulogalamu. Ndinawafotokozera kuti asadandaule, yathuyi sifuna intaneti, ipitiriza kugwira ntchito. Iwo za America analibe nazo kanthu. Anati, "Atsala 6. Akafika 4, ndiye kuti watsala ndi mawu okha. Ukafunse za chipatala chija."

Amai anawachonderera chaka chathunthu, abusa anayesa, ine ndinayesa, onse tinalephera. Anawagonjetsa ndi masamu awo omwe.

Opaleshoni inachitika ku Lusaka mu 2014, diso limodzi kaye, linalo patapita miyezi. Ndi ntchito yosatenga ngakhale ola: amachotsa kagalasi kochita nkhungu kaja n'kuikamo ka pulasitiki, munthu ali maso. Tsiku lotsatira atachotsa bandeji, atate anayang'ana pawindo nthawi yaitali. Chimene chinawadabwitsa si nkhope zathu. Anati anali ataiwala kuti kumwamba n'kwa buluu chotere, buluu wa wailesi ija ya pa sitolo ku Katete.

Titafika kumudzi anakhala pampando wawo, ndinayatsa laputopu, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. "Ichi n'chimene ndakhala ndikuyang'ana zaka ziwiri? N'chonyansa ndithu." Ndinati chakale chija ndinasunga, monga ananenera. Ndinachiveka. Anavala magalasi awo atsopano, nayang'anitsitsa nkhope ya Mweene, nkhwazi ya pakona, timizere tikuvina ndi mitundu ya mbendera. Aka kanali koyamba kuti aione mphatso imene ndinawapatsa mu 2012. "Unajambula wekha nkhwaziyi?" Ndinavomera. Anati dzanja ndili nalo. Anaisiya nyimbo yonse ithe akuonerera. Itatha anati, "Bwezera chachikasu chija. Zilembo zokha uchepetse."

Ndinafunsa chifukwa, popeza tsopano akuona. Anati zala zawo zinazolowera kale, ndiponso m'nyumbamo sakalamba okha.

Mu 2020 munthu wina wopanga mapulogalamu, Jordan Eldredge, anatsegula pa intaneti malo osungirako zovala za Winamp, Winamp Skin Museum, mmene muli zoposa 60,000. Nthawi zina ndikasowa tulo ndimayendamo pa foni. Muli nkhope za oimba, magalimoto, zidole za m'makatuni, mbendera za mayiko. Zambiri n'zokongola kwambiri, ndipo zambiri mwa zokongolazo sungapeze pamene pali batani loimitsira nyimbo. Sindiziseka, chifukwa ndikudziwa kukoma kwa kukhala usiku wonse ukuika kadontho pa kadontho kuti chinthu chimene anapanga anthu a kutali chioneke ngati chako. Changa cha Chipolopolo chikanakhala bwino pakati pa zimenezo. Cholakwa chake chinali chimodzi, chakuti ndinachipangira maso anga n'kuchipereka kwa munthu wina, osamufunsa chimene iye akuona. Lero mafoni ali ndi malo okulitsira zilembo ndi kudetsa kumbuyo, ndipo ndikaona munthu wachikulire mu minibasi atayandikitsa foni kumphuno, ndimalakalaka kumupempha kuti ndimukonzere. Kawiri ndapemphadi. Mmodzi anavomera.

Laputopu ija ikadalipo. M'chilala cha 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo malaiti akuthima pafupifupi tsiku lonse, tinaigulira batire la sola kuti iziyaka madzulo. Chaka chimenecho atate anakwanitsa zaka 80. Timatuza ta Cutex tinatha, tinadonthezanso tina.

Tsopano ndi amai amene ayamba kulephera kulowetsa ulusi pa singano. Mwezi watha ndinawapeza awiriwo patebulo, atate atagwira chala cha amai akuchiyendetsa pa kiyibodi. "Apa ndi poimba. Apa ndi podumpha. Osadina ndi mphamvu ngati mukusinja." Amai anachotsa dzanja nati kusinja n'kumene kunawalera ana awo. Kenako anatembenukira kwa ine ndi madandaulo awiri. Loyamba, nyimbo za kwaya zili pansi penipeni, munthu mpaka chala kutopa asanazifike. Lachiwiri, chikasucho chikuwapweteka mutu.

Atate anati n'zosatheka, chikasu ndicho chimaoneka bwino, zinayesedwa. Amai anati zinayesedwa pa maso a ndani. Atate anatsegula pakamwa, natsekanso.

Winamp imalola kusunga zovala zambiri mu foda imodzi, munthu n'kumasintha mmene wafunira. Loweruka likudzali ndikwera minibasi ya m'mawa. Amai anena kuti ndifike asanapite ku kwaya, ndipo kampando ka ana kaja andisungira.